Wosambitsa Maliro Anagona Mufiriji

A Bakali anasambitsa maliro a theka la amuna a m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Malindi. Ntchito yawo yodyera inali yosoka maukonde, koma mwamuna akamwalira, uthenga unkayamba wafika kwa iwo usanafike kwa ashehe. Ine Ayub ndinkawathirira madzi. Iwo ankasambitsa mofatsa, kuyambira kumanja, uku akulankhula ndi malemuyo ngati mnzawo wapabawo.

Anali munthu wanthabwala, koma panali chinthu chimodzi chomwe sankaseka nacho: firiji ya kumochale. Thupi lochokera kumeneko limabwera litauma gwa, ndipo iwo ankalisambitsa atakwinya nkhope. "Munthu si chambo, Ayub," ankatero. "Ine ndidzafere pamkeka wanga, nkhope itayang'ana ku Kibula komwe timayang'ana popemphera, wina akundinong'oneza shahada, mawu a chikhulupiriro chathu. Mudzandisambitse ndikadali wofunda, dzuwa lisanalowe ndikhale nditagona m'manda." Sanapemphe china pa dziko lino.

Mvula ya chaka chatha itayamba, chakudya chinayamba kuwakakamira pakhosi. Kenako phala nalo linakana. Akazi awo, mayi Esime, anapita nawo kuchipatala ku boma, ndipo kumeneko anapeza khansa ya kummero, itafalikira kale. Zomwe zinachitika muwodimo ndinadzazimva maliro atatha, kwa mayi Esime omwewo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Dokotala wake anali mtsikana wofatsa, wosazemba nkhani. Anawatengera mayi Esime pambali. "Mayi, matendawa afika poti sitingawachize. Chomwe tingathe n'kuchotsa ululu. Pali mankhwala amadzi otchedwa mofini, mukhoza kumawadonthezera m'kamwa muli kunyumba. Koma ndikufuna ndiwauze bambowa, asankhe okha kokakhala."

"Adokotala, ine ndine mkazi chabe," anayankha mayi Esime. "Eni ake a munthuyu ali ku Makanjira."

Sanalankhule mopusa. A Bakali anali mkamwini kwathu kuno. Anakhala pamudzi pano mpaka imvi mbuu, anakwirira akufa athu, koma pa nkhani ya moyo wawo mawu omaliza anali a akulu awo, a Mustapha. Mkazi akatulutsa mwamuna m'chipatala yekha n'kukafera m'manja mwake, dzina lake limakhala loti anapha mwana wa eni. Choncho mayi Esime anawaimbira foni.

"Alamu, musamuuze zimenezo, kumeneko n'kumulosera imfa," anatero a Mustapha. "Ndipo musamutulutse, anthu angati tamutaya. Ndikubwera mawa."

Dokotala uja sanagwe ulesi. Anakakhala pamphepete pa bedi n'kufunsa mwini wake. "Bambo, mukufuna ndikufotokozereni za matenda anu?" A Bakali, munthu woleredwa bwino, anayankha ndi ulemu womwe unadzawapweteka. "Achimwene anga akubwera, mwanangu. Mudzatiuze tili pamodzi." Munthu wakana yekha, ungamuthire mawu m'khutu mokakamiza? Dokotalayo anawawonjezera mofini, n'kumafunsanso m'mawa uliwonse, yankho lomwelo.

Mawa la a Mustapha silinkacha. Lero akuti madzi adula msewu, mawa akuti lole sinabwere, mkuja akuti panyanja pali mphepo. Msewu wa ku Makanjira ndi woipadi, sindikana, koma amalonda a usipa ankafika ku boma tsiku ndi tsiku. Munthuyo ankangoopa kudzaona mng'ono wake atatha, ndipo mantha akewo anawaveka mkanjo wa ukulu.

Nditapita kukawaona, a Bakali anali atatsala mafupa okhaokha, koma pakamwa panali pomwepo. "Wabwera kudzandiyeza nsalu ya kumanda?" anandiseka. Kenako anandigwira dzanja. "Esime akuti adokotala akuti ndipeza bwino. Zikanavuta akanandiuza, eti? Akudziwa kuti sindifuna kufera muno." Ine ndinavomera ndi mtima wonse, chifukwa nanenso ndinauzidwa zomwezo. Mayi Esime anali chilili kumiyendo kwa bedi, akupinda chitenje chopindapinda kale.

Anamwalira m'mawa wina, akazi awo ali kumpopi kuchapa zofunda. Bedi linayang'ana kukhoma la kuchimbudzi. Panalibe wowanong'oneza kanthu, ndipo amene anaona kuti asiya kupuma anali wodwala wa pabedi loyandikana nalo.

Mayi Esime anaimbanso foni akulira. "Musamuike ndisanafike," anatero a Mustapha. Ndiye achipatala anawakankhira a Bakali kumochale, mufiriji muja, kudikira mwini munthu. Ulendo uno galimoto inapezeka. A Mustapha anafika tsiku lachitatu, akulira mokweza kuposa aliyense, ndipo chinthu choyamba anafunsa mlamu wawo pamaso pa anthu chifukwa chomwe sanawauzire kuti matenda afika pamenepo.

Kusambitsa kunagwera ine. Ndinatenthetsa madzi kuposa mmene anandiphunzitsira, ndikuganiza kuti mwina thupi lifewa. Ndinayambira kumanja. Ndinafuna kuwalankhula monga iwo ankalankhulira ndi anzawo, koma ndinasowa chowauza. Dzanja lomwe linafewetsa manja a akufa athu onse linali lozizira, zala zitapindikira mkati, ndipo ngakhale ndinathira madzi mpaka ndowa inatha, linakana kutambasuka.