Chotupa cha kunkhongo kwa bambo

Bambo anga anali mkamwini ku Chia, kwawo kwa mayi, ndipo anakhalako mpaka kumera imvi. Ankametedwa ndi mayi okha, ndi sizasi, kuseri kwa nyumba. Ife ana tinkayesa ndi chikondi chabe.

Mayi atamwalira, linafika tsiku lometa maliro. Amalume, mlongo wawo wa mayi, ndiwo anagwira lezala. Atafika kunkhongo kwa bambo, dzanja linaima. Panali chotupa chonga dzira la nkhunda, chosalala, chomasuntha pansi pa khungu ukachikhudza. Bambo anati chakhalapo kuyambira paunyamata ndipo sichipweteka. Amalume anangomaliza kumeta mochilambalala.

Pofika mawa lake, kumadimba a mpunga sichinalinso chotupa, chinali nyanga. Kwathu mawu amenewa sasewera nawo, pakuti nyanga ili ndi ng'ombe, ilinso ndi mfiti. Munthu kubisa nyanga m'tsitsi zaka zonsezi, mkazi wake n'kufa mwadzidzidzi, ankati pafunikanso kufunsa? Akuchikazi anayamba kukamba zowasudzula bambo msanga kuti abwerere kwawo ku Benga, kumene kunalibenso wowadziwa.

Ndinapita nawo kuchipatala cha paboma, poganiza kuti mpeni wa dokotala utseka anthu pakamwa. Dokotalayo anatifotokozera kuti tsitsi lililonse limamera m'kadzenje kakekake, ndipo kadzenjeko kakatsekeka, zimene khungu limataya zimaunjikana mkati n'kupanga kathumba. Anati si khansa, ndipo kwa ena n'zakumtundu. Anabaya jakisoni wa dzanzi, n'kung'amba pang'ono, n'kutulutsa kathumba koyera kodzaza zinthu zonga chinangwa choviika. Bambo anapempha kuti akatenge, akaonetse alamu awo. Dokotala anaseka n'kukaponya m'ndowa.

Tinabwerera kumudzi bambo ali ndi ulusi kunkhongo. Ndinafotokozera amalume zonse, za kadzenje, za kathumba, ngati mwana wasukulu woloweza. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, mphwanga. Koma chikanakhala chopanda kanthu, akanathamangira kukachichotsa?"

Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa. Bambo anawasudzula mpunga usanache. Ndinawaperekeza kumsewu wa tala atanyamula chikwama chimodzi ndi khasu lawo. Minibasi itaima, anandiuza kuti ndizilawirira kudimba kukaingitsa mbalame, chifukwa mpunga wawo unali utayamba kutulutsa ngala.