Aneba Anga Ofunafuna Mawu Ofunda

Ndikamapita ku Misa ya m'mamawa kuno mumzinda wa Marikina, pawindo la aneba anga pamakhala patafiira kale. Si kandulo ya pemphero ayi. Ndi timababu ta amplifaya yawo, makina okuzira mawu a nyimbo, timene amatisiya tikutentha iwo akukagula buledi. Akabwerako amavala mahedifoni aakulu ngati zigoba za kokonati, n'kutsinzina. Panja sipamveka kanthu. Munthu wobisa zimene akumvera, ine sindimukhulupirira.

Amasinthasintha maamplifaya, ati akufunafuna mawu ofunda. "Mahedifoni ali ngati munthu," amatero, "akapeza mnzake wolakwika amalankhula mozizira." Chondidabwitsa n'chakuti amanena zimenezi akundiyang'ana ine.

Tsiku lina anandiimitsa pakhomo pawo n'kundiveka mahedifoniwo ndisanakane. Ndinamva mayi woimba akukoka mpweya pakhutu panga penipeni, mpaka ndinacheuka.

"Mwamva, Aling Pilar?" anandifunsa, akunditchula mwaulemu wa kuno. "Kawailesi kanu kaja kamangolira ngati chitini."

"Chitinicho chimandikwanira," ndinatero.

Ndili ndi kaseti imodzi yokha ya malemu amuna anga, akuimba za masautso a Ambuye pa Sabata Loyera. Ndimaimvera motsitsa, nditatseka chitseko, ndipo sindinauzepo munthu za iyo. Komabe aneba angawa akuidziwa, kaya anaimva bwanji. Ikadukira m'makina a eni, mawu awo apita basi. Kaya bambo a mahedifoniwa akufuna kasetiyo, kaya akufuna ndizikakhala pampando wawo, sindikudziwa. Mpaka lero sindinawayankhe zimene anapempha tsikulo, akundivula mahedifoni.

"Tandibwerekani kaseti ija ya amuna anu. Pa amplifaya iyi mudzawamva akupuma."