Manda a Mwana Wanga Ali ku Chipata

Amene anayamba kundiuza anali sikauti, mlonda wa nyama zakutchire, mnzake wa mwana wanga. Anandipeza m'munda wa thonje kwathu ku Mnkhanya, natsamiritsa njinga pamtengo, n'kuvula chipewa asanandipatse moni. Ndinadziwiratu. Mwana wanga woyamba, amene njati inamuvulaza akulondera nyama, anali atamwalira m'chipatala ku Chipata. Munali m'zaka za m'ma 90, msewu wa kwathu ku Mfuwe udakali wafumbi ndi maenje, ulendo wa maola ambiri kukafika ku Chipata.

Ine, malemuyo ndi mkazi wake ndife a Chibahai. Abale anga onse ndi a ku mishoni ya ku Msoro, komwe nanenso ndinakulira. Mlongo wanga wamkulu, malume ake a mwanayo, ndiye mwini mbumba, ndipo tisanakwere n'komwe minibasi anali atalamula anyamata kuti akumbe manda pafupi ndi amayi athu. Koma lamulo lathu la Chibahai ndinkalidziwa: munthu timamuika pafupi ndi pomwe wafera, ulendo wosapitirira ola limodzi. Ndinaliphunzira ndikumwetulira, osadziwa kuti lidzagogoda pakhomo panga.

Ku Chipata anatilandira okhulupirira anzathu. Pakati pawo panali amayi ena achikulire a m'bungwe lotsogolera Abahai m'Zambia muno, amene anapitako ku Haifa, kulikulu lathu kutsidya kwa nyanja, kukasankha nawo anthu naini oyang'anira chipembedzo chathu padziko lonse lapansi. Ndinawagwadira. Ndinaganiza ngati mwana wa ku mishoni, kuti wansembe akakana umapita kwa bishopu. Ndinawapempha aimbe lamya ku Haifa, awauze akuluakuluwo kuti kuli mayi wa kuchigwa amene akungofuna mwana wake agone kwawo.

Anandidzutsa, nakhala nane pamphasa. Anandikumbutsa kuti ife tilibe wansembe ngakhale bishopu. Anthu naini aja amasankhidwa mwakachetechete, anthu akupemphera, popanda wodzichemerera, ndipo mmodzi payekha alibe mphamvu. Akakhala pamodzi amaika malamulo pa zimene sizinalembedwe m'mawu oyera, koma zolembedwa sangazifafanize.

"Mayi anga, ngakhale atalira nanu onse naini, ili sangalisinthe," anatero.

Mlongo wanga ankamvetsera ataima pakhomo. Anaseka chiseko chowawa, nati, "Ndiye ndi akulu anji osatha kumvera chisoni wofedwa? Ndege ya azungu okaona nyama sitenga ola kufika ku Mfuwe. Kapena Mulungu wanuyo amawerenga ola la minibasi lokha?"

Amayi aja sanabise. Anati akuluwo anafotokozapo kale kuti ola ndi ola, kaya pagalimoto kaya pandege, koma mtima wa lamulolo ndi woti munthu agone pafupi ndi pomwe watsirizikira. Ndipo tonse tinkadziwa kuti ndege imeneyo si yonyamula maliro a ife.

Palibe anandikakamiza, zimenezo ndinene zoona. Maso onse anali pa ine, ngakhale a mpongozi wanga, khanda lili kumsana. Ndinakumbukira kuti mwanayo ndiye anandiphunzitsa mapemphero amenewa, ine make, akundiwerengera pang'onopang'ono chifukwa sukulu yanga inathera ku pulayimale. Ndikanamunyamula bwanji momutsutsa, iye sangathenso kuyankha? Ndinati aikidwe konkuno.

"Mlongo wanga, wataya mwana pathengo la eni," anatero achimwene anga aja, napita kukakwera minibasi. M'dzenje lija la kumudzi anakwiriramo thunthu la nthochi, chifukwa manda sawasiya ali kukamwa yasa.

Anthu amene sankamudziwa n'komwe anamusambitsa mwana wanga, namukulunga nsalu yoyera, namunyamula ngati wawo. Ndidzawathokoza mpaka kufa. Pa pemphero la maliro tinaima tonse, ndipo wowerenga pempherolo atafika pa mawu onena za kupirira, ndinaweramitsa mutu. Mumtima mokha ndimo ndinavomera.

Achimwene sanapondenso pakhomo panga. Tikakumana pamsika ku Mfuwe amandipatsa muli bwanji wa mlendo, n'kupitirira. Sindiwada. Mwanayo anamulera okha, ndipo nawonso analibe poti akalirire. Mdzukulu wanga wakula akuona manda awiri a bambo ake, ena ali pafupi koma mulibe munthu, ena ali kutali.

Inu mwawerenga izi, kaya mumapemphera kuti, mutikumbukire: mpongozi wanga, mwana wake, ndi achimwene angawo, kuti tsiku lina akwere nane minibasi tikasese limodzi pamanda ku Chipata.