Nyimbo Imene Inakana Kuvinidwa

Tinali atatu: ine mphunzitsi wotumizidwa ku Mwanza, mnzanga mwana wa mwini sitolo wachisilamu pa boma, ndi bambo wina wakumalire woimba valimba. Mnzangayo anali ndi malekodi a nyimbo zakunja za roko amene madalaivala a mathiraki ankamubweretsera. Nyimbo zake zinali zazitali ngati ulendo wapansi wa ku Thambani, zosintha mayendedwe pakati osatsanzika. Tinamvera mpaka tinati nafenso tingathe.

Tinajambula pa holide m'kalasi mwanga, gitala titalumikiza ku batire la galimoto, mnzanga uja ali pa ng'oma, wailesi ya kaseti ili pa desiki. Inali nyimbo imodzi yodzaza mbali yonse ya kaseti, yopanda mawu. Tili pakati, mvula inayamba kugunda malata. Batire linali litafooka, kubwereza sikukanatheka, ndiye tinapitiriza, valimba ikuyankhana ndi mvulayo. Titaimvera ndinanyada kwambiri, sindibisa.

Tsiku la msika tinakaiyika pa Thambani. Anthu anayamba kuvina bwinobwino, koma ng'oma itasintha anatsala mwendo uli m'mwamba. Mayi wina wogulitsa manachesi anafuula kuti, "Aphunzitsi, nyimbo yanuyi yaledzera kapena?" Onse anaseka n'kubalalika.

Apo m'pamene a tcheyamani a chipani a deralo anaitulutsa kaseti mu wailesi n'kuiika m'thumba la jekete.

"Nyimbo yosatamanda boma, yopanda ndi mawu omwe, ikubisa chiyani?" anandifunsa. "Tiyeni kwathu, ndikaimve ndekha."

Masiku amenewo funso lotere linkatha kumuchotsa munthu ntchito. Koma kunena zoona, mtima wanga unali pa kasetiyo, chifukwa inali imodzi yokhayo.

Pakhonde pawo anaika wailesi pa mpando, iwo n'kutchera khutu kusaka mlandu. Ine ndinaima chilili. Gitala analira, ng'oma inasintha, iwo anakwinya nkhope. Pofika pa mvula paja anayang'ana kumwamba, dzuwa lili phwee, kenako anatsinzina. Phazi lawo linayamba kugunda pansi, ndipo ng'oma itasinthanso phazilo linasintha nayo, chinthu chimene msika wonse unalephera. Anamvetsera mpaka kaseti inadziimitsa yokha. Anali munthu woyamba kuimva kuyambira poyamba mpaka pothera.

"Mlandu sindinaupeze," anatero. "Koma pamsika musakaiyikenso. Anthu aja amamvera ndi miyendo. Tembenuzani, timve mbali inayo."

"Mbali inayo ilibe kanthu, bwana. Batire linatha."

Anandiyang'ana ngati mwana wobwera kusukulu osalemba ntchito. Kenako analoza galimoto yawo yakale imene inagona pamiyala kuseri kwa nyumba.

"Matayala ndi amene anatha, batire lake n'labwino," anatero. "Mubwere ndi njinga mudzalitenge."