Mapilisi a m'jekete ya Ababa

Ndikukumbukira fungo la jekete ya Ababa: utsi wa fodya, chinyezi cha mvula, ndi kafungo ka mapepala a matikiti. Tinkakhala ku Tottenham, m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsalu. Kwathu ku Malawi Ababa anali mphunzitsi wa sekondale, koma anathawa ndale ine ndili kumsana. Kuno ku London ntchito imene anaipeza inali ya ukondakitala m'mabasi ofiira aja osanjikizana. Tsiku lonse ankakwera ndi kutsika masitepe, akudula matikiti, uku akukonza Chingerezi cha azungu chamumtima.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Ababa anayamba kudandaula mutu. Akaweruka ankafikira pampando n'kumadzisisita kumbuyo kwa khosi. Amayi, amene ankagwira ntchito yochapa pachipatala chachikulu ku Edmonton, anawakokera kwa dokotala. Anabwerako ndi kabotolo ka mapilisi ndi malamulo atatu: asiye fodya, achepetse mchere, amwe piritsi m'mawa uliwonse, chifukwa magazi awo ankathamanga kwambiri. Ine sindinaone vuto. Kusukulu wothamanga kwambiri ndi amene ankalandira mphoto.

Amayi analimbana ndi mchere ngati mdani. Ndiwo zinayamba kubwera zozizira m'kamwa, ndipo Ababa ankalawa, n'kuyang'ana m'mbale mwachisoni. "Amake Tiya, nkhukuyi yakulakwirani chiyani?" Za piritsi, popeza Amayi ankalawirira kuntchito, ankangolisiya pakambale pafupi ndi kapu ya tiyi. Madzulo kambale kankapezeka kopanda kanthu, iwo mtima n'kukhala pansi.

Loweruka lina ndinapisa m'thumba la jekete ija kufuna masiwiti amene Ababa ankayamwa m'basi. M'thumba la m'kati ndinapeza bokosi la machesi. Nditalitsegula, munalibe machesi. Munali mapilisi oyera, odzaza mpaka pakamwa. Nditatembenuka, Ababa anali ataima pakhomo ndi thaulo m'khosi.

Sanakalipe. Anakhala pabedi n'kundikhazika pambali pawo. "Tiya, mapilisiwa amandipititsa kukataya madzi kasanu dzuwa lisanafike pamutu. M'basi mulibe chimbudzi, mwanawe. Ndikamaimitsa basi, akuluakulu andilemba, mawa lake ntchito yatha. Ndidzayamba kumwa pa holide. Amayi ako asamve, angade nkhawa pachabe."

Ndinawayankha m'Chingerezi, monga mwa chizolowezi chathu ana obadwira kapena kukulira kuno, kuti ndalonjeza. Masana amenewo ananditengera kogula tchipisi. Anathira mchere mpaka pepala linachita kuyera, ndipo tinadyera pabenchi, nthunzi ikutuluka m'kamwa, zala zili noninoni. Ndinadzimva wamkulu. Ababa anali atandisankha ineyo kuti ndiwasungire chinsinsi.

Holide inabwera n'kupita, piritsi osamwedwa. Fodya ankasutira kuseri kwa sitolo. Ndinayamba kuona kuti pokwera kunyumba ankaima pakati pa masitepe, n'kuwerama ngati akumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale. Nthawi zina ankadzigwira pachifuwa n'kunena kuti ndi chilungulira. Tsiku lina tikupinda nsalu zofunda ndi Amayi, mawu anafika pakhosi penipeni. Amayi anandiyang'ana, akudikira. Ndinangopempha kuti andipatse nsonga inayo.

Chaka chotsatira, Lachiwiri lina masana, anadzanditulutsa m'kalasi ya masamu. Mu ofesi ya ahedi munali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, chikhoto chake chili chonyowa, maso ali ofiira. Ababa anali atagwa m'chipinda cha pamwamba cha basi, makina a matikiti ali m'khosi. Mtima unaima asanafike nawo kuchipatala. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Thupi silikanatheka kupita kwathu chifukwa cha ndale zomwe zija, choncho tinawaika m'dothi lozizira la kuno, anthu ochepa akuimba nyimbo za Chichewa pansi pa maambulera.

Ndinakhala nacho chinsinsicho zaka makumi atatu. Ndinaphunzira, ndinakwatiwa, ndinabereka, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ndikanangotsegula pakamwa, mwina Ababa akanaona adzukulu awo. Ndinadzawauza Amayi atakalamba, ndikuwadzola mafuta m'miyendo.

"Iwe unkaganiza kuti matumba aja akang'ambika ankasoka ndani?" anatero. "Ndinkadziwa, mwanangu. Koma munthu anali atalandidwa dziko lake, atalandidwa sukulu yake. Ndinkaopa kuti ndikawakakamiza, ndiwalandanso ntchito. Ndinkati ndidzanena mawa."

Tinalira tonse awiri, koma kulirako sikunabweze kanthu.

Lero zinthu zinasintha. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndili nawo m'kabati kunyumba, ndipo kutchalitchi anamwino athu amayeza anthu tikatuluka mapemphero, ngakhale abambo ambiri amazembabe, ati ali bwinobwino. Nanenso matendawa anandipeza. Mapilisi oyamba anayamba kunditupitsa mapazi, ndipo ndinabwerera kwa dokotala n'kumuuza. Anamvetsera, analemba mtundu wina, nkhani inathera pomwepo. Ndisanatuluke ndinamufunsa ngati kalelo kunalinso mitundu ina ya mankhwalawa. Anati inalipo, munthu ankangofunika kunena chimene chikumuvuta.

Ndinatuluka ndikuganiza za nyumba yathu ya ku Tottenham ija. M'nyumba muja tinalimo anthu atatu okondana, aliyense akudziwa, aliyense akuganiza kuti kukhala chete ndiko kumusamala mnzake. Tsopano msinkhu wa Ababa ndinaupitirira kalekale, ndipo ndikaona chithunzi chawo pakhoma, ndimaona munthu wamng'ono kwa ine, tsitsi lake lonse likadali lakuda.