Timapazi ta Paphulusa

Utsi wa milamba yowamba ukandidutsa pamphuno, ngakhale pamsika wa Balaka pano, amene amandibwerera m'mutu ndi Abiti Jafali, mayi wamasiye amene tinayandikana naye nyumba kunyanja ya Chiuta. Tsiku lonse ankakhala chowerama pang'anjo yawo ya nsomba, maso ali psuu ndi utsi, akutembenuza milamba ndi zala zosaopa moto, uku akutikalipira ana m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe. Sanali okoma pakamwa, iyayi. Ukawapatsa moni ankati, "Moniyo ndidya?"

Chaka chimene achemwali anga Asiyatu anatuluka kuchinamwali, kunabwera Che Bwanali kudzawafunsira. Anali wogula nsomba wa lole yakeyake, tcheyamani wa chipani kudera kwathu, wa akazi awiri kale ndi imvi zomwe. Masiku amenewo kukana tcheyamani kunali kunyoza boma, ndiye amalume anangoomba m'manja. Asiyatu analira mpaka mawu kutha. Amayi anangoti, "Limba mtima, tonse tinalowa m'banja tikulira."

Abiti anakuwa ali pang'anjo pawo pomwepo: "Mwana wonunkha mkaka mukum'patsa nkhalamba? Manyazi mulibe!" Amalume anawauza kuti asamale za nsomba zawo.

Ukwati utayandikira, m'mawa wina amayi potsegula chitseko anakuwa. Pakhomo pathu panali phulusa lomwazika, ndipo paphulusapo panali timapazi tochepa kuposa ta khanda, tolowa m'nyumba koma osatulukamo. Mudzi wonse unakhamukira kwathu, Che Bwanali nawonso. Abiti anafika pomalizira, nayang'ana pansi, napukusa mutu.

"Ndondocha iyi," anatero, kunena tianthu tija amati afiti amaweta. "Yam'konda mtsikanayu, ndipo nsanje yake si yamasewera. Wom'kwatira, nsomba zidzamuolera pa lole, iyenso sadzakhalanso mwamuna."

Che Bwanali, omwe aja ankalalikira pamisonkhano kuti ufiti ndi umbuli, anabwerera chambuyo mpaka kukagunda nkhokwe. Ukwati unathera pomwepo.

Koma munthu wamkulu sachita manyazi ulere. Anayamba kunena kuti ndondocha siyenda yokha, ili ndi mwini wake, ndipo mwini wake ndi amene anaizindikira msanga. Anyamata a chipani a malaya ofiira anabwera dzuwa lili paliwombo, anagumula ng'anjo, nayatsa nyumba ya Abiti. Mudzi wonse unaima n'kumaonerera, amayi ndi amalume ali pomwepo. Abiti anakwera bwato nawolokera ku Mozambiki, kumene kunali nkhondo. Sitinamvenso za iwo.

Asiyatu anasanduka "mkazi wa ndondocha." Akafika pachitsime, amayi anzawo ankasuntha mitsuko. Palibe mwamuna anapondanso pakhomo pathu. Che Bwanali anatenga Patuma, mnzawo wa Asiyatu wa kuchinamwali, ndipo chaka chotsatira Patuma anafera pobereka. Anthu omwewo anati ndi chifuniro cha Mulungu. Zimandiwawa mpaka lero.

Tsopano Asiyatu ndi okalamba, ndimakhala nawo. Tsiku lina akukhuthula mbaula anandiitana. Anakunga nkhonya, nadinda m'mbali mwake paphulusa, kenako ndi nsonga ya chala anaikapo tizala. Kaphazi kaja ndi aka!

"Anandionetsa Abiti asanawoloke," anatero.

Ndinawafunsa chimene anakhalira chete zaka zonsezi, anthu akuwasala.

"Ndikanaulula, lole ija ikanabweranso," anayankha, akufafaniza kaphaziko ndi chikhatho. "Komanso mwamuna wangayu sanandimenyepo."

Ndinalephera kuseka. Ena mwa amene anayatsa nyumba ija akalipo, ndi akuluakulu tsopano, pamaliro amakhala pamipando yakutsogolo. Ndikapita kumudzi amatambasula mkono kundipatsa moni mwaulemu. Ine ndimawayang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Moniyo ndidya?"