Chipepeso cha Odwala Akadali Moyo

Taganizani za m'mawa wamba kumapiri a kwa Dzoole, nkhungu isanachoke m'minda ya fodya. Ana akuthamangira kusukulu, manja ali m'khwapa. Pakati pawo pakudutsa mayi akukankha njinga, thumba lopanda kanthu lili pakaliyala. Ameneyo ndi Lidia. Ndinamuphunzitsa ali wamng'ono, ndipo ankafufuta bolodi osauzidwa.

Mayi ake anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kuchipatala anawabweza, akuti palibenso chochita, ndiye anatha miyezi akubuula pamphasa. Mankhwala oletsa ululu anali kutali, ndipo wokawatenga anali Lidia yemweyo, wosambitsa mayiwo analinso yemweyo. Tsiku la maliro anthu anabwera ndi ufa, nkhuni, nkhuku, mpaka zina kutsala.

"Aphunzitsi," anandiuza, "zonsezi zikanabwera amayi ali moyo, bwenzi atagonako pamatiresi."

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kupempha anthu kuti azipereka chipepeso wodwala asanamwalire, kuti amange chipinda chosamaliramo anthu amene kuchipatala awabweza. Anthu anakwiya.

"Iwe mwana, ukutilosera maliro?" anatero a Obadiya, mkulu wa mpingo. "Ufa wa pamaliro umatuluka mtembo uli m'nyumba, osati munthu akupuma."

Agalu a m'midzimo anamuzolowera, eni ake ayi. Dzinja linatha, anthu anakolola, koma thumba linkabwerera ndi chimanga chosadzaza ndi mbale yomwe. Mapazi anang'ambika. Mwamuna wake analeka n'kufunsa komwe.

Kenaka akazi a a Obadiya anagwidwa ndi nthenda yomweyo. Lidia sanadikire kuitanidwa. Anapita ndi beseni ndi sopo, nawasambitsa, nawatembenuza kuti msana usachite zilonda. Bambowo ankangoyang'ana ali pakhomo. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi.

"Abale, chipepeso cha mayi a kunyumba ndikuchifuna lero, akadali kumva. Wobwera ndi ufa pambuyo adzabwerera nawo."

Palibe anaseka. Sabata imeneyo anthu anayamba kutula mtedza ndi chimanga choti chigulitsidwe, ena njerwa, wina malata akale a chigafa cha fodya.

Lidia sanavine, anali atatopa kale. Akazi a a Obadiya aja anamwalira chipinda chisanafoleredwe. Lero kuseri kwa tchalitchicho kuli chipinda cha mabedi anayi, ndipo namwino amabwera ndi mankhwala oletsa ululu Lachinayi lililonse.